Science City ku Union Station: mphatso ya antchito amene kampani ndi yawo

Anzanga a kuno ku Kansas City, makamaka inu amene mwangofika kumene ndi ana, mumakonda kundifunsa kuti Loweruka tipite nawo kuti anawa asanatiphwanyire zinthu m'nyumba. Yankho langa ndi Science City, malo amene ana amaphunziramo sayansi posewera, mkati mwa Union Station, siteshoni yakale ya sitima, pafupi ndi masitolo a Crown Center. Ndikanakhala kuti ndikuchonga monga ndinkachitira pa mayeso a teremu, ndikanapereka 8 pa 10. Ziwiri zotsalazo ndifotokoza kumene zathawira. Koma chandikhazika pansi kuti ndilembe si zoseweretsa zokha ayi. Ndi dzina limene mudzalione pa makoma ambiri mukangolowa, Burns & McDonnell, ndiponso mmene kampani imeneyi imaperekera thandizo lake, chifukwa ndi kaperekedwe kosiyana ndi kamene ambirife tinakazolowera.

Ine ndine mphunzitsi. Kwathu ndinaphunzitsa pulayimale zaka zambiri, sayansi ya Sitandade 6 ndi 7, zipangizo zanga zili choko, bolodi ndi zimene ana atola m'njira pobwera kusukulu. Kuno ndimathandizira mphunzitsi m'kalasi pa sukulu ina ya boma. Choncho ndikalowa malo ngati amenewa sinditengeka ndi kuwala kwa magetsi. Ndimayang'ana ngati mwana akutuluka atamvetsa kanthu, kapena wangothamangathamanga n'kutopa basi.

Burns & McDonnell ndi kampani ya mainjiniya ndi omanga. Amajambula mapulani n'kumanganso: malo opangira magetsi, mizere ya nthambo zamagetsi, malo oyeretsera madzi, mabwalo a ndege, mafakitale. Likulu lawo lili pa Ward Parkway, ndipo antchito ake ndi oposa 10,000 m'maofesi a m'mizinda yambiri. Inayamba mu 1898. Anyamata awiri, a Clinton Burns ndi a Robert McDonnell, atachoka ku yunivesite ya Stanford anasankha kudzakhala ku Kansas City chifukwa matauni ambiri ozungulira kuno analibe mapaipi a madzi abwino ngakhale ngalande zochotsera zonyansa. Anatsata ntchito kumene inali. Mu 1971 kampaniyi inagulidwa ndi Armco Steel, kampani ya zitsulo, ndipo mu 1986 antchito anaigula kwa Armco, atakongola ndalama kubanki. Mpaka lero mwini wake ndi antchito okhaokha. Masheya ake simungawagule pa msika wa masheya ngakhale mutakhala ndi ndalama zotani.

Umwini umenewu umayenda mwa dongosolo limene kuno amalitchula kuti ESOP. Amene analiganiza ndi loya wina, a Louis Kelso, m'zaka za m'ma 1950, ndipo linalowa bwino m'malamulo a dziko mu 1974 kudzera m'lamulo la za penshoni lotchedwa ERISA. Masheya onse amakhala m'thumba limodzi losungidwa m'malo mwa antchito. Chaka ndi chaka wantchito aliyense amalemberedwa gawo lake, akatswiri akunja amawerengera mtengo wa kampani, ndipo munthu akapuma pantchito kapena akachoka atakwanitsa zaka zofunika, amalandira mtengo wa gawo lakelo. Amayi amene munakhalapo mu banki mkhonde mukumva msanga: chimene chatuluka m'bokosi chaka chisanathe chachepetsa chimene mudzagawane pomaliza. Kusiyana kwake n'kwakuti mu ESOP wantchito nthawi zambiri sasonkha za m'thumba mwake, imamusonkhera ndi kampani kuchokera pa phindu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Kampani ya munthu mmodzi ikapereka ndalama kusukulu, wapereka ndi bwanayo, ndipo antchito amangoitanidwa kudzaimirira kumbuyo pojambula chithunzi. Kampani ya antchito ikapereka, ndalamayo yachoka pa phindu limene likanakweza gawo la aliyense, kuyambira injiniya wamkulu mpaka mtsikana amene wayamba ntchito chaka chatha. Sindikunena kuti amakhala pansi onse n'kuvotera cheke chilichonse. M'makampani otere atsogoleri alipo, bodi ilipo, ndipo wantchito wamba amavota pa zinthu zikuluzikulu zokha monga kugulitsa kampani. Komabe zimasintha mmene ndimaonera dzina lija pakhoma. Si dzina la munthu wolemera amene akufuna kukumbukiridwa. A Burns ndi a McDonnell anamwalira kalekale, ndipo amene akulipira tsopano ndi anthu amene timaima nawo pamzere ku sitolo.

Nyumba yake payokha ndi chifukwa chokwanira chopitira. Union Station inatsegulidwa mu 1914, nthawi imene sitima zinali mfumu ya maulendo kuno ku America. Holo yaikulu denga lake lili pamtunda wa mamita pafupifupi 29, ndipo nyale zitatu zolendewera pamenepo iliyonse imalemera makilogalamu pafupifupi 1,600. Mwana wanga wamng'ono amakana kuima pansi pake. Ndege ndi magalimoto zitalanda anthu, siteshoni inayamba kufa, sitima za Amtrak zinatulukamo mu 1985, nyumba n'kutsala ikudontha. Mu 1996 anthu a mbali zonse ziwiri za dera la Kansas City, ya Missouri ndi ya Kansas, anavota kuti adzikhomere msonkho wapadera, senti imodzi pa madola 8 aliwonse ogulira zinthu, kuti siteshoni ikonzedwe. Ntchito yonse inadya madola pafupifupi 250 miliyoni, ndipo mu 1999 nyumba inatsegulidwanso, Science City ili mkati. Sitima zinabwereranso mu 2002.

Ndanena zimenezi dala. Munthu wongofika kumene akhoza kuganiza kuti malo onsewa ndi a kampani, poona kuchuluka kwa dzina lake. Ayi. Denga, makoma ndi pansi pamene ana akuthamangapo zinapulumutsidwa ndi msonkho wa anthu wamba, kuphatikizapo amene sanalowemo n'komwe. Kampani inabwera kudzadzaza zipinda m'nyumba imene mzinda unali utaikonza kale. Ndipo inabwera pa nthawi yake, chifukwa zaka zoyambirira Science City inkavutika, anthu olowa anali ochepa kuposa amene ankayembekezeredwa ndipo ndalama zinkaperewera. Malo a sayansi akangokhala ndi zinthu zomwezo chaka ndi chaka, banja limapita kamodzi n'kusabwereranso.

Mankhwala amene kampaniyi inabweretsa ndi mpikisano wotchedwa Battle of the Brains, umene unayamba mu 2011, a Greg Graves ali mkulu wa kampani, ndipo umachitika pakatha zaka ziwiri zilizonse. Masukulu a m'dera lonse la Kansas City, kuyambira ana a kindagateni mpaka a sekondale, amapemphedwa kuti aganize chionetsero chatsopano choti chiikidwe mu Science City. Ana amalemba ganizo lawo, amajambula, amafotokoza sayansi imene ili kumbuyo kwake, amaganiziranso ndalama zimene zingafunike. Oweruza amasankha magulu 20 ofika ndime yomaliza, kenaka anthu amavota pa intaneti, ngakhale gawo lalikulu la malikisi limakhala la oweruzawo. Gulu lopambana limatengera sukulu yake madola 50,000, ndipo ena ofika ndime yomaliza amalandirako kangachepe.

Koma mphoto yeniyeni si chekecho. Ganizo lopambana limamangidwadi, chionetsero cha ndalama zokwana ngati miliyoni imodzi ya madola, ndipo amene amachijambula ndi kuyang'anira kamangidwe kake ndi mainjiniya a kampani yomweyo, akugwira limodzi ndi ana amene anachiganiza. Ichi ndi chimene ndimapereka nacho malikisi ambiri. Kampani yomanga ikapereka mabulangete, yachita bwino, koma mabulangete angapereke aliyense. Ikapereka luso lake, yapereka chimene ena alibe. Mwana wa zaka 10 amene anajambula chinthu ndi makrayoni n'kudzachiona chitaima, chachitsulo, anthu akupanga mzere kuti achigwire, mwana ameneyo simudzamuuzanso kuti sayansi ndi ya anthu ena.

Pa zonse zimene zinabadwa mu mpikisanowu, chimene ndimachikonda kwambiri ndi Simple Machines at Play, chimene chinachokera ku ganizo la ana a pulayimale ya Mason ku Lee's Summit. Chili panja, kuseri kwa siteshoni. Ndi bwalo lamasewero ndithu, koma choseweretsa chilichonse ndi phunziro la makina osavuta amene ndinkavutika kuwajambula pa bolodi. Pali mtanda wautali wotukulira katundu wolemera, ndipo mwana amaona yekha kuti akagwira kumapeto kwenikweni katunduyo amapepuka, akagwira pafupi ndi pamene mtandawo watsamira amalephera ngakhale atakoka ndi mano omwe. Pali magudumu a zingwe oti munthu adzikweze nawo yekha. Pali potsetserekera popotana, pali zingwe zoti mwana alendewere n'kutsetsereka mpaka uko.

Pa magudumu a zingwe paja ndi pamene ndimakhalitsa. Ana amathamangira chimene chikuoneka chophweka, n'kudabwa kuti pamene pali magudumu ambiri kukoka n'kosavuta koma chingwe sichikutha, ukoka, ukoka, wakwera pang'ono pokha. Pamene pali ochepa, kukoka n'kowawa koma ukukwera msanga. Phunziro lonse ndi limenelo: makina sachepetsa ntchito, amangoigawa, mphamvu yochepa pa mtunda wautali kapena mphamvu yambiri pa mtunda waufupi. Ndinkatha sabata yathunthu kufotokoza zimenezi, ana n'kuloweza kuti akhoze mayeso, teremu yotsatira aiwala. Pano manja awo ndi amene amaloweza. Ndinamva mwana wanga wamkulu akufotokozera mng'ono wake zimenezi m'galimoto, m'mawu akeake osokonekera, koma mfundo ili yolondola, ndipo ine ndinangokhala chete kuti ndisamuonongere.

Chenjezo langa kwa makolo n'lakuti musaime patali n'kumayang'ana foni. Bwalo limeneli mwana akasiyidwamo yekha limasanduka bwalo wamba. Funso limodzi lokha, loti n'chifukwa chiyani apa papepuka, limasintha zonse. Sizifuna digiri. Agogo amene anatungapo madzi pa chitsime cha chingwe amazidziwa bwino kuposa buku.

Chachiwiri kwa ine ndi Every Last Drop, cha madzi, chimene chinachokera kwa ana a sekondale ya Olathe North. Pali madzi enieni oyenda, ana amawatsekereza, amawapatutsa, amawakweza, ndipo malaya amanyowa, choncho tengani ena osinthira. Chimafotokozanso kumene madzi amachokera, mmene amayeretsedwera ndi mmene timawaonongera. Ndi choyenera kampani imene inayamba ndi mapaipi ndi ngalande. Ana anga anabadwira kuno, ndipo kwa iwo madzi amayambira pa mpopi n'kuthera m'sinki. Ndikawauza za mzere wa ndowa pa mjigo m'mwezi wa Okutobala amamva ngati nthano. Pano mpamene ndinapeza poyambira kukamba nawo, chifukwa anaona kuti pakati pa mtsinje wa Missouri ndi kapu yawo pali anthu ambiri, mapampu ambiri ndi ndalama zambiri.

Zina ndidutsapo mwachangu. Genetics: Unlock the Code, ya ana a pulayimale ya Leawood, ndi ya mmene timatengera maonekedwe kwa makolo, ndipo imakoma kwa ana okulirapo amene amatha kuwerenga zolembedwa. The Amazing Brain, ya ana a ku Grandview, ili ndi masewero oyesa kukumbukira ndi kufulumira kwa maganizo, ndipo pamenepo akuluakulu ndi amene timachita manyazi. Zionetsero zimasinthidwa pakapita nthawi, choncho onani pa tsamba lawo musananyamuke ngati pali chimodzi chimene mwachilinga. Palinso zina zosakhudzana ndi mpikisano, monga njinga yopalasa pa chingwe m'mwamba, imene ili ndi cholemera cholendewera pansi kuti isagwe. Ine sindinakwere ndipo sindidzakwera. Bambo a kunyumba anakwera, anatsika akuseka kwambiri, kuseka kwa munthu amene mtima unali m'khosi.

Mpikisanowu ndinauonanso kuchokera mkati. Chaka china mphunzitsi amene ndimamuthandizira analembetsa kalasi yathu. Ana anasankha za phokoso ndi mawu, chifukwa mnyamata wina anafunsa kuti n'chifukwa chiyani mawu ake amamveka achilendo akawajambula pa foni. Sitinafike ndime yomaliza, ndipo zimenezo sizinandipweteke, chifukwa ntchito ya ena inali yabwino kuposa yathu. Chimene ndinapindula ndi kuona ana akukangana pa nkhani ya ndalama. Mtsikana wina ankafuna chipinda chonse chagalasi, anzake n'kumufunsa kuti nanga mwana wa pa njinga ya olumala adutsa pati, nanga galasi likasweka alipira ndani. Amenewo ndi mafunso a omanga enieni, ndipo anawafunsa okha chifukwa malamulo a mpikisano amafuna kuti ganizo likhale lotheka kumangidwa, osati loto chabe.

Tsopano malikisi awiri aja.

Loyamba lathawira pa funso loti mphatsoyi imafika kwa ndani. Kulowa mu mpikisano n'kwaulere, koma kukonzekera kumadya nthawi, ndipo nthawi ya mphunzitsi si yofanana m'masukulu onse. Pa sukulu yathu tinkachita zimenezi ana akaweruka, mphunzitsi osalandira kanthu, ndipo ana ena sankatha kutsala chifukwa basi ikapita palibe wodzawatenga, makolo ali pa shifiti. Akuluakulu a sukulu yathu anatilonjeza ola limodzi pa sabata mkati mwa nthawi ya maphunziro, ola limenelo n'kudyedwa ndi kukonzekera mayeso a boma. Pamene masukulu ena ali ndi mphunzitsi wapadera wa ana anzeru kwambiri, chipinda cha zipangizo, ndi makolo amene iwonso ndi mainjiniya. Aliyense wa kuno amadziwa kusiyana kwa Johnson County, dera la anthu opeza bwino, ndi madera osauka a kum'mawa kwa msewu wa Troost. Kuvota pa intaneti nakonso kumakomera sukulu imene makolo ake ali ndi nthawi yokhala pa Facebook n'kumatumiza uthenga kwa abale onse. Ndivomereze kuti kupambana kwa ana a ku Grandview, dera limene si la anthu olemera, kukuonetsa kuti chitseko n'chotsegukadi. Koma mpikisano uliwonse, mwa chibadwa chake, umapatsa kwambiri amene anayamba ali patsogolo. Madola 50,000 pa sukulu imene ili kale ndi zonse ndi zokometsera, pamene pa sukulu ina ndi labotale yathunthu.

Lachiwiri ndi la pakhomo. Science City ndi yolipira, munthu aliyense tikiti yake, ndipo kuimika galimoto nakonso n'kolipira. Sindikuona cholakwa pamenepo, malo otere amafuna antchito, magetsi ndi kukonza zimene manja a ana aononga. Koma banja la ana anayi limene mayi ndi bambo onse amagwira ntchito yolipidwa pa ola liyenera kuwerengera kawiri. Zotsatira zake n'zakuti chionetsero chimene chinaperekedwa kwa ana a mzinda wonse chimaonedwa kawirikawiri ndi ana amene makolo awo ali ndi khadi ya umembala, pamene ena amachiona kamodzi pa ulendo wa sukulu, ali pamzere, mphunzitsi akuwerenga mitu. Ndikanakhala m'modzi wa eni kampani aja, ndikanapempha kuti pa ndalama zomangira chatsopano azipatulako zambiri zolipirira mabasi ndi matikiti a masukulu osauka. Basi siikhala ndi dzina pakhoma, koma ndi imene imabweretsa mwana.

Ena mwa inu mudzati kampani sipereka chabe, ili ndi chimene ikufuna. N'zoona, ndipo sabisa. Akufuna mainjiniya a mawa. Mwana amene wakulira m'zionetsero zimenezi, tsiku lina akadzamaliza ku koleji dzina loyamba kulikumbukira lidzakhala lomweli. Ine sindiona vuto. Mlimi amene amasamala mbewu si wodzikonda. Palinso nkhani ya msonkho: malamulo a dziko lino amakomera makampani a ESOP, moti ambiri amene umwini wawo wonse uli m'manja mwa antchito salipira msonkho wa boma lalikulu pa phindu lawo, msonkhowo umadzalipidwa ndi wantchito akamalandira gawo lake. Choncho m'kuwolowa manja kwa makampani otere muli dzanja la boma, kutanthauza la tonsefe.

Koma amene amaganiza kuti zopereka zimagula makontirakiti akumbukire nkhani ya bwalo la ndege. Mu 2017 Burns & McDonnell inabwera ndi ganizo loti imange nyumba yatsopano ya bwalo la ndege la Kansas City, ndi ndalama zimene ikanazipeza yokha. Inali kampani ya pakhomo, yodziwika, yoti inagwirapo kale ntchito pa bwalo lakale limene linatsegulidwa mu 1972. Anthu anadandaula kuti ntchito yaikulu chotero isaperekedwe popanda kupikisana, mzinda unaitana enanso, ndipo pomaliza unasankha kampani ina, Edgemoor, ya ku Maryland. Nyumba yatsopanoyo inatsegulidwa mu February 2023. Ine ndinkayembekeza kuona ngati akwiya n'kuchepetsa za ana. Mpikisano unapitirira monga kale, ndipo zionetsero zatsopano zinabwerabe. Pamenepo ndi pamene ndinayamba kuwakhulupirira.

Science City si zokhazo zimene amachita. Ali ndi nthambi yawo ya zachifundo, Burns & McDonnell Foundation, ndipo chaka ndi chaka antchito amasonkha za m'malipiro awo kupita ku United Way, bungwe limene limagawa thandizo ku mabungwe ang'onoang'ono a m'dera. Ena amapita m'masukulu kukalankhula ndi ana za ntchito yawo. Zimenezo n'zabwino, koma makampani ambiri amachita, ndipo ine monga kholo sindingaziyeze. Chimene ndingachiyeze ndi chimene mwana wanga angachigwire ndi manja. Ndionjezepo kuti mzinda uno uli ndi makampani angapo a mtundu womwewu, a antchito eni ake: Black & Veatch ku Overland Park, Terracon ku Olathe, Garney amene amayala mapaipi a madzi. Achinyamata athu amene mukuphunzira za uinjiniya, kapena amene muli ndi luso la manja, pofunsira ntchito muzifunsanso kuti kampaniyo mwini wake ndani. Malipiro a pamwezi si nkhani yonse, makamaka kwa ife amene tinayamba mochedwa kusunga za ukalamba m'dziko lino.

Za kayendedwe. Msinkhu woyenera kwambiri ndi zaka 5 mpaka 12. Aang'ono ali ndi malo awo ndipo amasangalala, koma sayansi yeniyeni imawadutsa pamwamba. Achinyamata a sekondale amayamba ndi nkhope yoti izi n'zachibwana, kenaka mumawapeza akulimbana ndi zingwe zija thukuta lili kamukamu. Ngakhale ambiri timapitako nthawi yozizira pothawa chisanu, gawo labwino koposa lili panja, choncho May kapena September ndi miyezi yabwino, kusanatenthe kwambiri kapena kutangoyamba kuzizirira. Fikani potsegula penipeni, muyambe ndi panja, za madzi muzisiyire kumapeto kuti mwana asayende tsiku lonse ali chinyowere. Valani nsapato zotseka, inu ndi ana omwe, osati masilipasi.

Ngati mukufuna kupewa zolipira poimika galimoto, sitima ya mumsewu, KC Streetcar, ndi yaulere kuyambira pamene inayamba mu 2016, ndipo imaima pakhomo penipeni pa Union Station. Kwa ana kukwera sitimayo ndi gawo la chisangalalo. Malo oonetsera nyenyezi, Gottlieb Planetarium, ali m'nyumba yomweyo, koma ndi ana aang'ono ndi bwino kuwasiyira tsiku lina, chifukwa akatopa amagona mumdima muja. Chakudya chimagulitsidwa m'siteshoni ndi ku Crown Center, kumene mungafike kudzera pa mlatho wotsekedwa ndi magalasi osatuluka panja. Ife timatenga zathu m'chikwama chozizira, mpunga ndi nkhuku, n'kukadyera pa kapinga wa tsidya la msewu, pansi pa nsanja ya Liberty Memorial, pamene mzinda wonse umaonekera.

Ngati muli ndi ana awiri kapena kuposa ndipo mukukhala pafupi, werengerani mtengo wa umembala wa chaka musanagule matikiti a tsiku limodzi, chifukwa mukapita kangapo umadzilipira wokha. Ndipo inu amene ana anu ali m'masukulu a kuno, mpikisano ukadzalengezedwanso pitani kwa aphunzitsi awo mukawafunse ngati alembetsa kalasi. Akakuuzani kuti alibe nthawi, akunena zoona. Afunseni tsiku limene mungabwere kudzakhala ndi anawo akaweruka, kapena kudzawatenga amene basi yawasiya.